Pakati pa so ndi la pali noti ina

Msuweni wanga wa ku Cape Town ali ndi chizolowezi chonditumizira mavidiyo pa WhatsApp pakati pa usiku, osaganiza kuti kuno bandulo ndi ndalama. Ambiri ndimangowafufuta osatsegula. Koma ina inabwera ndi mawu akuti, "Ase, iwe umati kiyibodi umaitha, taona agogo awa."

Ndinatsegula. Mkulu wachikuda wa imvi, magalasi ali pamphuno, wakhala pa piyano, anthu atamuunjirira kumbuyo ndi m'mbali. Ena anyamula malipenga, ena magitala, ena makope chabe. Sankayimba nyimbo yodziwika ayi. Ankangokwera manoti pang'onopang'ono, zala zinayi zikusuntha pamodzi, kenako n'kutsika. Akaima n'kucheukira ophunzira, kuwaponyera funso, kuseka, kukalipa pang'ono, n'kuyambiranso. Chingerezi chake cha ku America chija theka linandidutsa. Koma zimene zinkatuluka m'piyanomo khutu langa linazizindikira nthawi yomweyo. Zinali pafupi kwambiri ndi nyimbo za m'buku la kutchalitchi, zija agogo athu ankayimba opanda chida chilichonse, koma munali kukoma kwina kumene zala zanga zinali zisanakupezepo.

Dzina lake ndi Barry Harris, katswiri wa piyano wa nyimbo za jazz. Nditafufuza ndinapeza kuti anali atamwalira kale, mu Disembala 2021, kutatsala sabata imodzi kuti akwanitse zaka 92. Kuyambira usiku umenewo mkuluyu sanandichoke m'mutu, ndipo wasintha zinthu zingapo pa mpingo wathu iye osadziwa n'komwe kuti tilipo.

## Mmene timaphunzirira kiyibodi kuno

Amene munakulira m'kwaya mukudziwa. Palibe amene amakukhazika pansi. Umayamba ndi kunyamula masipika, kukulunga mawaya, kupukuta fumbi. Ukatero umaima kumbuyo kwa achimwene amene akuyimba n'kumaba ndi maso. Akatuluka kukayankha foni umakhalapo msangamsanga n'kuyesa zimene waona. Ukagwira machord atatu (chord ndi manoti angapo olira pamodzi), ya do, ya fa ndi ya so, basi wafika. Makorasi ambiri uwatha, ndipo Lamulungu lina achimwene aja akadwala, mpingo wonse ukuyang'ana iwe.

Kenako pali kabatani kaja ka transpose. Ambirife tili ndi kiyi imodzi ya pamtima, ena C, ena F sharp, ndipo mayi wotsogolera nyimbo akayambira pamwamba kapena pansi, timangodina kabatani mpaka makinawo atamupeza. Zala osasuntha pamalo pake. Zimathandiza, sindinyoza. Maukwati ambiri ndayimba motero, anthu n'kuvina fumbi koboo.

Koma pali china chimene sitikonda kuchitchula. Timabisirana. Munthu akatulukira kanjira kokoma kochokera pa chord ina kupita pa inzake, amakasunga. Ndinaonapo woyimba wina paukwati akupendeketsa thupi kuti anyamata amene anaima pambali asaone dzanja lake lamanzere. Sindimuda. Ukwati wa Loweruka ndiwo ndiwo za sabata yonse, ndipo amene wamuphunzitsa lero ndi yemwe mawa akakulande ukwatiwo pa mtengo wozizira.

Ndiye vidiyo ija inandidabwitsa pawiri. Nyimbozo, inde. Komanso kuona munthu woti anayimbapo ndi zimphona za jazz monga Charlie Parker, Miles Davis ndi Coleman Hawkins atakhala pakati pa chigulu cha anthu, akubwereza chinthu chimodzimodzi mosathamanga, dala, kuti aliyense aone pamene chala chilichonse chikugwera.

## Zimene zala zija zinkachita

Ngati mulibe kiyibodi pafupi ndipo solfa simuidziwa, gawo lino lipirireni, silitalika. Zimene mkuluyu ankachita zikhoza kukwana kuseri kwa envulopu ya chopereka.

Tonse timadziwa do re mi fa so la ti do. Manoti 7, kenako wabwerera pakhomo. Harris ankawonjezerapo imodzi, pakati pa so ndi la, ija m'mabuku a solfa amailemba kuti se. Mu kiyi ya C imeneyo ndi G sharp, kakiyi kakuda kapakati pa tiwiri tinzake. Ndiye mzere umakhala do re mi fa so se la ti do. Manoti 8.

Tsono tengani noti yoyamba, dumphani imodzi, tengani yotsatira, dumphaninso, mpaka zikwane zinayi. Mupeza do, mi, so, la. Imeneyi ndi chord yokhazikika, a jazz amati C6. Zimene munadumpha zija ndi re, fa, se, ti, chord ya diminished, imene imamveka yosakhazikika, yofuna kupita kwina. Manoti onse 8 athera m'machord awiriwa, palibe yotsala. Mukakweza zala zonse zinayi sitepe imodzi, mwachoka pa yokhazikika n'kugwera pa yosakhazikika. Sitepe ina, mwabwerera pa yokhazikika ija koma itatembenuka, mi ali pansi. Zimasinthana choncho mpaka pamwamba, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamatsika wina ukukwera, phokoso osadukiza. Ndi manoti 7 zimenezi sizichitika, chifukwa sitepe iliyonse imakupatsa chord ina yatsopano. Noti ya se ija ndi imene imalinganiza zinthu.

Phindu lake lili apa. Pamene ife timagwira chord ya do n'kuikanikiza mpaka oyimba atamaliza mzere, Harris ankaonapo ulendo wonse. Pansi pa mawu amodzi omwewo a nyimbo ukhoza kukwera, kutsika, kusuntha chala chimodzi n'kusiya zitatu, koma osachoka pa do. Sankafuna kuti ophunzira aziloweza machord monga zinthu zoima. Ankafuna mawu oyenda.

Analinso ndi kafotokozedwe kena kamene alaliki angakakonde. Manoti onse a pa piyano ndi 12. Mwa 12 amenewo mumatuluka mizere iwiri ya manoti 6, yodumpha noti imodziimodzi, ndipo iye ankati ameneyo ndi mwamuna ndi mkazi. Awiriwa amabereka ana atatu, machord atatu a diminished, pakuti alipo atatu okha basi, ena onse ndi omwewo atatembenuka. Mwana aliyense amatenga manoti awiri kwa bambo, awiri kwa mayi. Ndipo pa mwana aliyense, mukatsitsa noti imodzi ndi theka la sitepe, pamatuluka chord ya seventh. Pa re fa se ti uja pamatuluka G7, B flat 7, D flat 7 ndi E7. Anayiwa ankawatcha abale ndi alongo, ndipo pamene nyimbo ikufuna G7 ukhoza kukabwereka manoti kwa m'bale wake. Ine amene ndinkaona E7 ndi G7 ngati anthu osadziwana, nditamva zimenezi ndinadzuka usiku kukayatsa kiyibodi kuti ndione ngati n'zoona. N'zoona.

## Madzulo amene magetsi anathima

Ndinakhala ndikuziyesa ndekha kunyumba, mahedifoni ali m'makutu. Zinkamveka bwino, koma zinali masamu chabe. Zinadzasanduka nyimbo Lachinayi lina pa pulakatisi ya kwaya.

Tinkakonzekera Pasaka. Titangoyamba, magetsi anathima, m'tchalitchi mdima bii, kiyibodi zii. Anthu anayamba kutola zikwama, a tcheyamani akuti tipemphere tizipita. Koma kunja kunali mvumbi, ndipo palibe amene ankafuna kunyowa. Tinangokhala, ena akudandaula za mtengo wa makala, ena akusewera ndi mafoni.

Ndinati, "A tcheyamani, tandibwerekeni anthuwa pang'ono."

Tinayatsa matochi a mafoni. Pa bolodi la Sande sukulu ndinalemba d r m f s se l t d, n'kuwauza kuti tikwere tonse pamodzi, titsikenso. Pa se paja anthu ankapunthwa. Ena ankalumphira pa la, ena ankakakamira pa so, atsikana a soprano akuseka. Amene anaigwira poyamba ndi mayi wina wa alto, wachikulire, amene analowa kwaya ine ndisanabadwe. Anaiyimba yekha, bwinobwino, kenako anandiyang'ana.

"Imeneyi si yachilendo, mwanawe. Ili m'nyimbo zakale zija za maliro. Mumangoidumpha inu a makina."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa ankanena zoona. Kenako ndinawagawa. Abesi muyambire pa do. Atena pa so. Ma alto pa la. Masoprano pa mi wapamwamba. Ndikatsitsa dzanja, aliyense akwere sitepe imodzi mumzere uli pabolodiwu. Musamvere mnzanu, ingoyendani m'njira yanu.

Atangotulutsa mawu oyamba, mnyamata wina wa tena anakweza dzanja. "Akulu, apa tikugundana ndi ma alto." So ndi la n'zoyandikana, ndipo khutu lozolowera do mi so limaona ngati wina wasochera. Ndinati gundanani choncho, musaope.

Ndinatsitsa dzanja. Re, se, ti, fa. Ngakhale m'kuwala kwa mafoni ndinaona nkhope zikukwinyika, chifukwa chord imeneyo ikaima payokha imamveka ngati kwaya yonse yalakwitsa nthawi imodzi. Ndinawaimika pamenepo dala, mpweya utatsala pang'ono kuwathera. Kenako ndinatsitsanso. Mi, la, do, so. Chinthu chija chinamasuka, ndipo kumbuyo kwa abesi wina anafuula, "Eee!"

Tinakwera masitepe anayi, n'kutsika. Tinabwerezanso. Ulendo wotsatira sindinafunikenso kutsitsa dzanja, anali akumvana okha, akupumira pamodzi. Mayi wa alto uja anasiya solfa n'kuikapo mawu, "Ambuye, mutichitire chifundo," silabo iliyonse pa sitepe yake. Ma alto anzake anamutsatira, kenako onse. Abesi, mwa chizolowezi chawo, anayamba kuchedwa dala, kulowa anzawo atasuntha kale, ndipo kuchedwa kumeneko kunabala machord ena amene pabolodi panalibe. Patapita nthawi ndinadzaona m'mavidiyo ena kuti Harris ankaphunzitsanso zomwezo, kusiya noti imodzi m'mbuyo pamene zinzake zasuntha. Abesi athu anazitulukira okha mumdima.

Magetsi sanayake tsiku limenelo. Tinatuluka mvula itakata, nyimbo ya Pasaka osaikhudza n'komwe, a tcheyamani akung'ung'udza kuti nthawi yapita pachabe koma nawonso akuyimba chamumtima, ndinawamva.

Ndikuyenda m'matope kupita kunyumba zinthu ziwiri zinali zitandilowa. Choyamba, chord si chinthu chimene dzanja limagwira. Ndi anthu anayi, aliyense ali ndi kumene akuchokera ndi kumene akupita. Pa kiyibodi munthu umaiwala zimenezi chifukwa zala zonse ndi zako. Chachiwiri, kanjira kameneka, koti mwa mwambo wathu wa oyimba kiyibodi kanayenera kukhala chinsinsi changa cha pa maukwati, kanakoma chifukwa kanali m'kamwa mwa anthu ambiri. Kunyumba ndi mahedifoni sikanakomepo choncho.

Pa geti ananditsatira ana awiri, mtsikana wa soprano ndi mnyamata wa tena uja. "Ankolo, zimene zija pa kiyibodi zimakhala bwanji?"

## Nyumba ya mayi ake ku Detroit

Barry Harris anabadwa pa 15 Disembala 1929 ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto, kumene anthu akuda ambiri anasamukira kuchoka kum'mwera kwa America pofuna ntchito kwa Ford ndi makampani ena. Mayi ake ankayimba piyano kutchalitchi, ndipo ndi iwo amene anamuyambitsa ali ndi zaka 4. Nditawerenga zimenezi ndinati, n'chifukwa chake. Khutu lake linakulira m'tchalitchi monga athuwa.

Ali mnyamata anatengeka ndi bebop, chamba cha jazz chothamanga chimene Charlie Parker, Dizzy Gillespie, Thelonious Monk ndi Bud Powell anachikuza ku New York m'ma 1940. Sukulu yophunzitsa zimenezo kunalibe. Ankatenga mbale za galamafoni, kuzichepetsa liwiro, n'kumatola manoti a Bud Powell imodziimodzi. Nayenso ankaba ndi maso, kuima kumbuyo kwa oyimba piyano kumadansi, mmodzi mwa iwo Tommy Flanagan, mnzake wa msinkhu umodzi. Mpaka apa nkhani yake ndi yathu yomwe.

Pamene tinasiyana ndi apa: zimene watola ankazisanja kukhala malamulo, n'kuzigawa. M'ma 1950 nyumba ya mayi ake inali sukulu yopanda chikwangwani. Ankafikako Paul Chambers wa besi, amene pambuyo pake anakayimba ndi Miles Davis, Curtis Fuller wa trombone, Joe Henderson ndi Charles McPherson a sakisofoni. John Coltrane naye, atafika mu Detroit, anapitako kukaona zimene mnyamatayu ankaphunzitsa. Mphunzitsiyo anali asanakwanitse zaka 30. Usiku ankayimba ku kalabu ya Blue Bird Inn, kumene akatswiri odutsa mumzindamo ankayimba naye.

Kusekondale anali ndi mnzake wina wokonda piyano, Berry Gordy, amene mu 1959 anayambitsa kampani yojambula nyimbo ya Motown n'kulemera koopsa. Mzinda umodzi, sukulu imodzi, chida chimodzi. Sindikuti wina anasankha bwino kuposa mnzake, nyimbo za Motown tonse tinavinapo. Ndikungoti njira ya ndalama inali pafupi, ankaiona.

Anzake ambiri anathamangira ku New York, iye anachedwa. Mu 1956 anayenda pang'ono ndi gulu la Max Roach, pambuyo pa ngozi ya galimoto imene inapha Clifford Brown wa lipenga ndi Richie Powell wa piyano, n'kubwereranso kwawo. Anadzachoka kotheratu mu 1960 ndi gulu la Cannonball Adderley.

## Tsidya lina la Hudson

Ku New York ntchito sanaisowe. Mu Disembala 1963 ndi iye anali pa piyano pamene Lee Morgan ankajambula The Sidewinder, chimbale cha kampani ya Blue Note chimene chinagulidwa kwambiri moti ngakhale osatsata jazz anachidziwa. Pa sakisofoni panali Joe Henderson, yemwe uja wa kunyumba kwa mayi ake. Kenako anayimba ndi Coleman Hawkins m'zaka zake zomaliza, mpaka mkuluyo anamwalira mu 1969. Nthawi imeneyo jazz inali ikusintha, ena akulowera ku zida zamagetsi, ena akusakaniza ndi rock, ena akutaya machord kotheratu. Harris sanasunthe pa bebop.

Kumene ankagona n'kofunika pa nkhani ino. Panali mayi wina, Pannonica de Koenigswarter, wa banja lolemera la Rothschild la ku England, amene moyo wake anaupereka kwa oyimba jazz. Charlie Parker anamwalirira m'chipinda cha mayiyu cha kuhotela mu 1955. Mayiyu anali ndi nyumba ku Weehawken, New Jersey, tsidya lina la mtsinje wa Hudson moyang'anana ndi Manhattan, nyumba yodzaza ndi amphaka. Harris analowamo m'ma 1960 ndipo anakhalamo moyo wake wonse wotsala, ngakhale mayiyo atamwalira mu 1988. M'ma 1970 Thelonious Monk naye anasamukira momwemo, atasiya kuyimba pagulu, mpaka imfa yake mu 1982. Harris ankasimba kuti tsiku lina awiriwa anasinthana pa piyano, nyimbo imodzi yomweyo, uyu ndime yake, uyu ndime yake, mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali. Ndikaganiza zimenezo ndimachita nsanje ndi amphakawo.

## Khomo lotsegula

Kuphunzitsa sanakusiye. Mu 1982 iye ndi anzake anatsegula Jazz Cultural Theater pa Eighth Avenue ku Manhattan, malo amene munkachitika maphunziro ndi zoyimbayimba. Anatsekedwa mu 1987 lendi itakwera. Kuchoka apo ankangochita lendi zipinda, sabata ndi sabata, Lachiwiri madzulo, kwa zaka zoposa 30. Ankayamba a piyano, kenako oyimba pakamwa, kenako usiku onse a zida pamodzi. Kunalibe mayeso olowera, kunalibe satifiketi potuluka. Upereke kandalama kochepa pakhomo, upeze mpando. Katswiri wojambula zimbale ankakhala pafupi ndi munthu amene wangoweruka kuntchito n'kudzayesa mwayi.

Kaphunzitsidwe kake n'kamene kanandigwira mtima kwambiri. Ankatchula mzere wa manoti, onse abwereze pamodzi, pa liwiro lenileni la nyimbo. Akaugwira, auwonjezere. Akaugwiranso, ausamutsire ku kiyi ina. Wochedwa sankamudikira kwenikweni, gulu ndi limene linkamukoka. Amene munaphunzira nyimbo pa kwaya ya kumudzi, mzere ndi mzere, aphunzitsi ali kutsogolo, njira imeneyi mukuidziwa.

Mu 1989 bungwe la boma la America la National Endowment for the Arts linamupatsa ulemu wa Jazz Master, waukulu kwambiri kwa oyimba jazz m'dzikomo. Mu 1993 anadwala sitiroko, koma anachira n'kubwerera pa piyano. Ankakaphunzitsanso ku Netherlands, Italy, Spain ndi Japan, ndipo mavidiyo ambiri amene ali pa YouTube anajambulidwa pa sukulu ya zoyimba ya ku The Hague. Covid itatseka zitseko mu 2020, mkuluyu ali ndi zaka 90, kalasi anaisamutsira pa Zoom. Matenda omwewo ndi amene anadzamutenga.

Pali kaganizidwe kena, kunja ndi kuno komwe, koti woyimba amene amaphunzitsa ndi uja zamukanika pa siteji. Pa Harris zimenezo sizigwira. Munthu anali pa zimbale zimene mpaka lero ophunzira amaziloweza, ndipo ankayimbabe m'makalabu a ku New York atakalamba. Iye mwini ankadziona ngati wophunzira wamkulu pa onse m'kalasimo. Mukamuonera mosamala mudzaona kuti nthawi zina amaima pakati pa phunziro, n'kuyesa kanthu kamene kangomubwerera, n'kusangalala ngati wakatola panjira. Kalasi inali malo ake oganizira.

## Pamene sitigwirizana

Mkuluyu anali ndi pakamwa. Sankabisa kuti zambiri zimene zinabwera pambuyo pa bebop sizinkamusangalatsa, ndipo masukulu akuluakulu ophunzitsa jazz ankawadzudzula poyera. Kwa iye Parker, Powell ndi Monk anali kupitiriza ntchito ya Bach ndi Chopin, ndipo njira inali imeneyo.

Apa ine ndimatsalira. Chida changa n'chamagetsi. Piyano yeniyeni ya zingwe ndimaikhudza mwa apo ndi apo. Ndipo nyimbo zathu zambiri chuma chake sichili m'machord. Manganje kapena chitelera akhoza kuzungulira pamalo amodzi usiku wonse, kukoma kuli m'ng'oma, m'manja ndi m'kuyankhana kwa mawu. Mukathira diminished pa korasi ya chitsitsimutso imene amayi akuvina, mwaononga, ndipo akuyang'anani ndi diso limene simudzaliiwala. Noti ya se ili ndi malo ake: nyimbo za m'buku, za mgonero, za maliro, ija mkwatibwi amalowera pang'onopang'ono.

Koma pa nkhani ya transpose wandigonjetsa. Iye chilichonse ankafuna chichitike m'makiyi onse 12, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake. Dzanja lodziwa kiyi imodzi silingaone kuti G7 ndi D flat 7 ndi pachibale, chifukwa D flat silinafikeko n'kamodzi komwe.

## Chipinda ndi mayunitsi

Ana awiri aja anabwera Lolemba lotsatira. Kenako anabwera ndi anzawo, ena a mipingo ina, wina mnyamata wachisilamu wa m'dera lathu lomweli amene khutu lake ndi lakuthwa kuposa onse. Posakhalitsa nkhani inafika kwa akulu a mpingo.

Mafunso awo sanali opusa. Mayunitsi a magetsi azilipira ndani? Kiyibodi ikaonongeka, imene tinagula ndi ndalama za pepala Sande, tidzagwira ndani? Ana a mipingo ina tikuwaphunzitsira ndani? Mkulu wina anafunsanso mwaulemu ngati jazz si nyimbo za kumowa. Ndinayankha kuti mwini wake wa zimene ndikuphunzitsazi anayambira pa piyano ya mayi ake a kutchalitchi, ndipo funso limenelo linagona. Ena aja ndi amene anandivuta.

Pamenepo ndi pamene nyumba ya ku Weehawken inandibwerera m'mutu. N'zosavuta kutama Harris kuti ankalipiritsa kandalama kochepa, koma munthuyu anali ndi pogona pamene mnzake wachuma anamupatsa. Ndipo ngakhale zinali choncho, malo ake a pa Eighth Avenue anatsekedwabe chifukwa cha lendi, mumzinda wolemera ngati New York. Khomo lotsegula lija panali wina amene ankalilipirira. Ine Pannonica ndilibe. Ndili ndi akulu a mpingo, ndipo iwo ali ndi bilu ya madzi ndi denga lodontha.

Amene anamasula nkhani ndi mayi wina wa m'komiti. Anati, "Abusa, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Anawa akakhala muno tikudziwa kumene ali." Anagwirizana zotilola, koma ndi malamulo. Aliyense azibwera ndi kangachepe ka mayunitsi. Kiyibodi isatuluke m'chipinda. Tiziweruka kusanade kuti atsikana afike bwino kunyumba. Ndipo mwezi uliwonse ophunzira aziyimba nyimbo imodzi ya m'buku pa mapemphero. Mnyamata wachisilamu uja lamulo lomalizali silimukhudza, anatero abusa okha.

Kiyibodi ndi imodzi, ophunzira ndi ambiri, ndiye timayamba ndi pakamwa. Chilichonse timachiyimba kaye m'mawu anayi tisanachiike pa zala. Odikira amayeserera pa makatoni amene tinajambulapo makiyi. Lamulo langa ndi limodzi: pa kabatani ka transpose ndinamatapo selotepi.

Mnzanga wina woyimba kiyibodi, amene timapikisana naye pa maukwati, anandiimitsa pamsika n'kundiuza kuti ndikuononga msika. Sananame. Mtsikana wa soprano uja anamuitana kale kukayimba pa chinkhoswe cha achibale a mnzake, ndipo anavomera ndalama yoti ngakhale ya minibasi yopita ndi kubwera sinakwane bwino. Za zimenezi m'mavidiyo a Harris amene ndaonera mulibe phunziro. Ndiye Lolemba lapitali, tisanayambe kiyi ya A flat, tinakhala pansi kukambirana mtengo wa ukwati, wa chinkhoswe ndi wa bridal shower, kuti theka azilandiriratu tsiku lisanafike, ndiponso kuti mayendedwe a kiyibodi ndi masipika amalipira ndi eni mwambo, osati woyimba.